Kasinja wa Mapesi Pazenera

Kunkhondo ndinabwerako ndi miyendo yonse iwiri, koma ndi chifuwa chachikulu. Kwa mkazi wanga ku Ndunde, kumene ndinali mkamwini, sindinakhalitseko. Anandinyamula pamachira kupita kuchipatala cha mishoni, m'chipinda cha otsokomola okhaokha. Asisitere anali ndi lamulo: cholowa m'menemo sichituluka, kaya bulangete kaya supuni.

Nanga mkamwini wogona pabedi ndi wa chiyani? Apongozi amafuna khasu, osati nkhani za kunkhondo. Ndinkaopa kuti banja likutha, ndipo mwana wanga wamwamuna, amene anabadwa ine ndili kutali, akula osandidziwa. Zimenezi zinkandiwawa kuposa chifuwacho.

Manja atayamba kundiyabwa, ndinayamba kupanga akasinja, aja ndinkawaona akugwetsa mitengo ngati udzu. Wosesa ankandibweretsera mapesi. Ndinkasenda khungu lolimba, chofewa cha m'kati n'kusema thupi. Mzinga unali wa bango, mateyala a zitsekerero za mabotolo, unyolo woyendera wa khonje, misomali ya minga. Ndinkapaka katondo wosakaniza ndi mwaye, ndipo kachitseko kapamwamba kankatseguka ndithu. Mkulu wina wa bedi loyandikana ankandiseka: "Asilikali, ameneyu ndiye atithyolere mpandawu?"

Wokongola kwambiri ndinasungira mwanayo. Nditapempha asisitere kuti akampatse, anapukusa mutu. "Bambo, mukufuna nayenso adzagone muno?" Ndinapsa mtima mpaka osadya.

Lamulungu lina Misa itatha, mkazi wanga anabwera ndi mwanayo. Alendo ankaima kuseri kwa mpanda wa nkhadze, ife odwala pazenera. Ndinaika kasinja pazenerapo n'kumamuyendetsa, pakamwa ndikulira ngati injini, mzinga ukuzungulira.

"Amayi, muonetseni mwanayo!" ndinafuula.

Koma mwanayo anali wamfupi, mpanda unkamutchinga. Pambuyo pawo panali mwamuna wina wa m'mudzimo atanyamula dengu, amene ndinkayesa wangowaperekeza. Anatula dengulo n'kumukweza mwanayo pamapewa. Mwana sanachite chilendo. Anagwira makutu a munthuyo mozolowera, n'kuyamba kuseka akuloza kasinja wanga. Mkazi wanga anangozyolika.

Ndinazindikira zonse popanda wondiuza. Komabe ndinapitiriza kuyendetsa kasinjayo uku ndi uku, ndikutsokomola, chifukwa ndikanasiya akanamutsitsa.