Malume ake a munthu wouluka

Ndivomere msanga anthu asavutike ndi kufufuza: bodza limene linatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito a Lesitala sabata ino ndinalipeka ndine. Ndinalipeka ndekha, popanda wondithandiza, ndipo linayenda bwino kuposa mayeso anga onse a Fomu 3.

Zinayambira kometera kwa a Chimwaza ku Old Town, kuseri kwa msika. Mmenemo TV sipuma, ndipo mafilimu ake ndi aja omasulira m'Chichewa, oti mzungu akalandira chibakera amakuwa kuti "mayo ine!" Yokondedwa kwambiri ndi ya munthu wouluka uja, wa chinsalu kumsana, wonyamula basi ndi dzanja limodzi.

Vuto n'lakuti eni filimu anasintha wosewera. Kale chinali chibambo cha chifuwa ngati geti. Pano aikapo kamnyamata kosalala nkhope, ndipo ometetsa onse anakakana.

"Aka kangapulumutse dziko aka?" ankatero a Chimwaza, makina ali m'khosi mwa munthu. "Kakuoneka koti ndi jakisoni yemwe kamalira."

Wolusa kwambiri anali a Lesitala, alonda a ku Area 10, amene amabwera Loweruka lililonse kudzametetsa ndevu zimene alibe. "Kuuluka kwake n'kwa nkhuku yothamangitsidwa," anatero. "Wakale uja ankauluka mwaulemu."

Ine kamnyamatako ndimakakonda. Nditayesa kukaikira kumbuyo, anandiuza kuti ana salowerera nkhani za akuluakulu. Chabwino. Ndinatulutsa foni, n'kuchita ngati ndikuwerenga.

"Koma mukudziwa kuti mayi ake ndi a ku Mitundu? Akuti anapita kunja ndi azungu, akulera ana."

A Chimwaza anazimitsa makina. Anasendera pafupi ndi TV, maso ali tong'o.

"Ndimaonatu ine! Mphuno iyi si yachizungu iyi."

"Taonani mmene akusenzera basiyo," wina pabenchi anawonjezera. "Magazi a anthu osenza fodya amenewo!"

Kamnyamata kolira jakisoni kaja kanasanduka "mwana wathu" tsitsi la munthu mmodzi lisanathe kumetedwa. A Lesitala anayamba kuganiza. Kwawo n'ku Mitundu komweko. Kenako anamenya ntchafu.

"Nachisale! Mwana wa mayi anga aang'ono. Anapita ndi azungu kalekale, osabweranso. Ndiye kuti mnyamatayu ndi wa mbumba yathu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Anthuni, ine ndine malume ake!"

Apa mundimvetse, awerengi. Ine ndinangotchula Mitundu. Za Nachisale anabweretsa okha.

Ndipo umalume anautenga ndi manja awiri. Malume weniweni sangoombera m'manja, amalangiza. Anali ndi madandaulo: zovala zothina zija pamaso pa anthu, kukwatira popanda ankhoswe, komanso kumapulumutsa mizinda ya eni ake pamene mlatho wa kumudzi unakokoloka mvula ya chaka chatha.

Lachiwiri anafika kuntchito ndi tambala kukhwapa. Abwana awo ndi mayi wachizungu wogwira ntchito ku embasi. A Lesitala anawaimitsa pageti, n'kuwapempha mwaulemu kuti atumize tambalayo ndi uthenga kwa mwana wa mlongo wawo, amene amauluka, kuti abwere adzaone manda a agogo ake.

Madamu anatsitsa galasi la galimoto, ananunkhiza mpweya wawo, n'kunena kuti Lachisanu akambirane za ntchito. Mlonda woledzera safunika pageti la munthu. A Lesitala mowa salawa, ndi mkulu wa mpingo, ndipo ali ndi ana anayi kusukulu.

Musanandigende, tadzifunsani. Bwanji bodza langa silinafunsidwe ngakhale funso limodzi? Ndikanati mnyamatayo ndi wakuba wa ku Mitundu, aliyense akanati "umboni uli kuti?" Koma poti ndi wotchuka, aliyense anapeza mphuno yake pankhope pake.

Ndi mmene tilili. Munthu akatchuka kunja, timamupezera mudzi, mfunda ndi malume tsiku lomwelo. Koma mnyamata wa m'dera mwathu akayamba zisudzo, timati akuthawa khasu. Luso sitiliona ndi maso athu, timadikira chibale kapena ndege kuti zitiuze. Filimu inali yomweyo, kuuluka komweko. Chinasintha n'chiyani?

Mfundo imeneyi ndinayesa kuwafotokozera mayi anga Lachinayi, akazi a a Lesitala atabwera kwathu ku Area 3 akulira. Mayi sanaione kukoma kwake. Anandigwira khutu, ndipo mpaka tikukwera minibasi linali likadali m'manja mwawo.

Ku Area 10 ndinaulula zonse m'Chingerezi changa cha pa Sande. Madamu anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde, n'kupepesa a Lesitala. Ntchito inapulumuka. Tambala yekha ndiye sanapulumuke, wophika anali atamuona kale.

A Lesitala anandiperekeza kugeti ndi diso lofiira. "Iwe mwana, ulibe mwambo," anatero. Kenako motsitsa mawu: "Komabe ndimakayika ine. Wa kwathu sangavale zothina choncho."

Chilango anagamula mayi: mpala, kwa a Chimwaza, anthu onse akuona. Benchi inadzaza ngati kuli mpira. A Chimwaza anayambira kumanzere, akukanikiza makina ngati akupala mbatata.

"Lero uuluka ndiwe, mphwanga."

Atafika pakati penipeni pa mutu, magetsi anathima. Tinadikira mpaka anthu anatopa, sanayake. Lachisanu ndinapita kusukulu mbali imodzi kuli mbee, mbali inayo kuli nkhalango.

Anzanga atandizungulira kuti andiseke, ndinawauza kuti umu ndi mmene wametera mnyamata uja mufilimu imene ikubwerayi, kungoti kuno sinafike. Pofika madzulo, anyamata atatu anali pabenchi kwa a Chimwaza, akupempha kumetedwa theka.