Dzina limene ndinalemba pa fomu

Wailesi yathu inali m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ina pa Boma. Mlongoti wake unali mapaipi atatu owotcherera pamodzi, omangirira ndi mawaya ku mitengo ya bulugamu. Mawu ake sankapita kutali. Ankafika kwathu kwa Mkhumba, ankafika kwa Chiwalo ndi m'madambo a mpunga a kumeneko, koma ukakwera minibasi ya ku Blantyre ankayamba kudukaduka usanatuluke m'boma lino. Inayamba m'zaka za matipate, pamene aliyense ankafuna kulankhula. Ine ndinali mlembi wa komiti yake, chifukwa ndinafika Fomu 4 ndipo zolemba zanga zinkawerengeka.

Anthu sankaitsegulira nyimbo kapena ndale. Ankadikira mauthenga a maliro. Ankawerenga ndi bambo wina wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, m'mawa, masana ndi madzulo, m'Chichewa kenako m'Chilomwe. Bamboyo sankalandira kapepala osafunsa. Wobwera ndi uthenga ankayamba wamukhazika pa benchi.

"Dzina ili ndi la m'buku la abusa," ankatero. "Kumudzi ankamuitana kuti ndani?"

Tsiku lina ndinamumva akuuza munthu wovala tayi kuti, "Achimwene, mwandilembera ngati kalata yofunsira ntchito. Mukufuna amve abale ake kapena a DC?"

Powerenga ankatchula dzina la ubatizo, dzina la paubwana, mudzi wobadwira, ndi anthu oyenera kumva, mmodzimmodzi, ndi kumene aliyense ali. Uthenga umodzi unkatenga nthawi. Palibe ankadandaula.

Chaka china mphenzi inawomba mlongoti, makina n'kupsa. Tinakhala chete miyezi ingapo. Kenako kunabwera anthu atatu a kampani ina ya m'tauni pa galimoto yoyera. Anati atiikira makina amphamvu pamwamba pa phiri kuti tizimveka mpaka ku Zomba, ife tingowapatsa chilolezo chathu ndi malo athu pa wailesi. Anati wailesi ikhalabe yathu. Pamsonkhano anafunsa funso ndi mphunzitsi uja yekha.

"Anthu a ku Zomba tikawauze chiyani? Maliro athu adzabwera?"

Tinaseka. M'buku la misonkhano ndinalemba kuti funsolo linayankhidwa. Silinayankhidwe. Pa mgwirizanowo ndinasaina wachitatu.

Makina anabweradi, ndipo mawu ankamveka bwino kuposa kale. Koma ankachokera ku Blantyre. Chipinda chathu chinasanduka ofesi ya tebulo limodzi, mayi wina ndi mulu wa mafomu. Chilomwe anachipatsa theka la ola Lamlungu. Mphunzitsi uja anamuthokoza, n'kumupatsa malaya a chizindikiro cha kampani. Mauthenga a maliro ankawatumiza m'tauni pa foni, n'kuwerengedwa kamodzi patsiku, nkhani za masana zikatha.

Amayi anga anamwalira mu Januwale, Lachiwiri m'mawa, mvula ili mkati. Pa abale awo obadwa nawo m'mimba imodzi anatsala ndi mlongo wawo mmodzi, atsibweni anga, ndipo iwo ndiwo anali mwini mbumba. Kwathu adzukulu sakhoma khasu kumanda mwini mbumba asanaloze malo. Nyengo imeneyo chaka chilichonse atsibweni ankakhala ku dambo kwa Chiwalo, m'kachisakasa, kuwokera mpunga. Foni analibe. Anali ndi kawailesi ka mabatire awiri kamene ankakakoleka pa mtengo akamagwira ntchito. Kale konse uthenga unkawapeza kumeneko.

Ndinapalasa njinga kupita pa Boma. Mayi wa muofesi anandipepesa, n'kundipatsa fomu. Inali ndi mizere itatu: dzina la womwalira, boma, tsiku loika maliro.

"Nanga oyenera kumva ndilembe pati?" ndinafunsa.

"Palibe malo ake, bambo. Amawerenga zimene zili pa mizereyo basi."

Ndinatulutsa kabuku ka kuchipatala ka amayi n'kukopera dzina limene linali pachikuto, chilembo ndi chilembo. Linali dzina limene analandira atabatizidwa ku ukalamba, atalowa mpingo wina, pamodzi ndi dzina la bambo anga monga anawalembera makalaliki a ku esiteti. M'mudzi simunali munthu wowaitana choncho. Atsibweni ankawaitana ndi dzina lachilomwe la paubwana, lalifupi, limene likanakwana pa mzere womwewo. Cholembera chinali m'manja mwanga. Sindinaliganizire. Ndinayankha funso monga linafunsidwira, n'kuonanso ngati ndalemba bwino.

Masana omwewo tinatsegula wailesi pa siwa. Mnyamata wa mawu osalala anawerenga mayina a anthu a m'maboma osiyanasiyana, motsatizana, osapumira. La amayi linali pakati. Analitchula mwachizungu, n'kunena kuti a ku Phalombe, maliro Lachinayi. Kenako kunabwera malonda a sopo.

Msuweni wa amayi, mayi wachikulire, anatembenukira kwa ine.

"Kodi athu awerenga liti?"

"Awerenga kale. Ndi aja achisanu."

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene ndachita.

Ndinabwerera pa Boma, koma anati fomu yatsopano ikawerengedwa mawa lake, ndipo mawa lakelo foni ya muofesi sinkagwira. Tinatuma alamu anga pa njinga kwa Chiwalo. Anabwerako Lachitatu madzulo ali matope mpaka m'chiuno. Mtsinje unali utadzaza, ndipo anthu a kutsidya sankamva zimene ankafuula.

Lachinayi tinadikira. Mvula ikakata kunkatentha kwambiri. Amayi a mpingo amene ankakhala m'nyumba ndi thupi anayamba kutuluka mmodzimmodzi, n'kumaimbira pakhonde. Palibe ananena chifukwa chake. Lachisanu m'mawa amfumu anandiitanira pambali.

"Sitingawasungenso. Mwana wamkulu ndinu. Kalozeni."

Ndinapita kumanda ndi adzukulu. Ndinasankha malo a m'mphepete, pafupi ndi njira, chifukwa panalibe mizu ndipo nthaka inali youmirapo. Tinaika masana.

Atsibweni anafika patapita sabata. Anamva kwa munthu wogulitsa nsomba. Anabwera wapansi, nsapato zili m'manja, ndipo sanalowe m'nyumba. Anakhala pa mwala wa pabwalo. Ndinakhala pansi patsogolo pawo n'kufotokoza zonse, za fomu, za mtsinje, za kutentha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Uthengawo ndinaumva," anatero. "Ndinali m'madzi, mbande zili m'manja. Ndinamva kuti wa ku Phalombe, ndinati Mulungu awatonthoze eni ake. Ndinapitiriza kuwokera."

Atatero anandifunsa:

"Dzina limenelo unalitenga kuti?"

"M'kabuku ka kuchipatala, atsibweni."

"Iwe unayamwa kabuku?"

Kenako anati ndikawaonetse. Tinayenda awiri, iwo patsogolo. Polowa kumanda sanadikire kuti ndiwalondolere. Analunjika mkati, pansi pa mtengo wa mthundu pamene pagona agogo anga, mayi wawo. Pambali pake panali malo opanda kanthu, omera udzu. Anaima pamenepo, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna dothi latsopano.

"Ali kuti?"

Ndinaloza kunjira.

"Anandiuza kawiri," anatero. "Anati udzandiike pambali pa amayi. Malo awa ndakhala ndikuwakaniza anthu."

Anapita kumene ndinaloza, n'kugwada. Anawaitana amayi ndi dzina lawo lija, katatu, motsitsa, ngati akuwadzutsa. Anayankhula nawo m'Chilomwe mawu ochepa amene sindinawamve bwino. Atadzuka anapukuta mawondo, n'kundiuza kuti ndibwerere ndekha kunyumba, iwo adutsira njira yomweyo chifukwa mpunga anausiya wopanda munthu.