Nambala Yofiira pa Dengu la Amayi

Dengu la amayi lothyolera tiyi linali ndi nambala yawo ya ntchito, yolembedwa ndi penti yofiira. Aliyense pa esiteti ankaidziwa, makamaka akapitawo.

Dzinja limenelo ndinali Fomu 2. Aphunzitsi athu a Chichewa, bambo wamfupi amene ankavula nsapato akamatiphunzitsa zisudzo, analemba sewero la mayi wothyola tiyi wokanizidwa kupita ndi mwana wake wodwala kuchipatala. Mayiyo ndinali ine. "Usamalankhule ngati ukupepesa," ankatero. "Mawu afike ku Luchenza!"

Akuluakulu a esiteti atamva, anatikaniza holo. Aphunzitsi anangoseka. "Holo ndi yawo, koma Lamulungu ndi lathu." Tinasankha bwalo la mpira, makatani athu ali matumba a feteleza osokedwa pamodzi.

Ndinalibe dengu, ndiye ndinapempha la amayi. Amalume anakalipa: "Achemwali, mwanayu akuchotsetsani ntchito. Nyumba mukugonayi ndi ya kampani. Bwerekani dengu la kumudzi." Lero ndikuvomereza kuti amalume sanali amantha, ankanena zoona. Lamulungu m'mawa amayi anandimangirira dengu lawo kumsana, malamba ake akununkha thukuta ndi masamba aawisi. "Usawerame kwambiri, sitithyola choncho."

Ndimakumbukira matope ofiira m'zala za kumapazi, ndi akapitawo ataima kumbuyo ndi ambulera. Nditatembenuka, nambala inaonekera kwa onse. Kenaka mayi wina analiza nthungululu, anzake n'kulandira. Amayi anali kutsogolo, khosi lili chilili.

Mwezi wathunthu akapitawo anawapatsa amayi mizere ya tiyi ya kuphiri, kotsetsereka, komwe masamba ndi ochepa. Ntchito sanawachotse. Aphunzitsi aja anasamutsidwira ku Thekerani, anthu n'kumati athera pomwepo. Komweko ndi kumene anayambitsa chikondwerero cha zisudzo chimene sukulu zimapitako chaka ndi chaka mpaka lero. Akalamba tsopano, koma salolabe kuti chichitikire muholo.

Tsiku la sewerolo ndinalemba m'buku langa kuti: "Mawa ndichapa bulawuzi, penti yandidetsa kumsana. Kenaka ndipepesa amayi poti ndinaiwala kuphimba nambala." Ndinapepesadi, iwo anangoti, "Kachape."

Sindinadzifunse kuti penti ya zaka zambiri ingadetse bwanji chovala. Sindinkadziwa kuti Loweruka loti mawa lake sewero, amayi anaibwereza okha nambalayo ndi penti yatsopano, kuti woima kumbuyo kwenikweni aiwerenge bwino.