Lamulo linkagona kuseri kwa nkhokwe yanga

Ine zitumbuwa ndagulitsa pa Phalula, m'mbali mwa tala, kuyambira mano akadali onse m'kamwa. Basi ikaima, ine pawindo, beseni pamutu. Ndiye tsiku lina anabwera a khonsolo, akuti lamulo latuluka, pamsewu musagulitsenso, pitani m'shedi kuseri uko. Kuseri uko basi imafikako? Zitumbuwa zinkabwerera kunyumba zonse, zidzukulu kunenepa, ine kuonda.

Pa wailesi ndinkamva kuti malamulo amaphikidwa ku Lilongwe: aphungu awerenga koyamba, kachiwiri, kachitatu, akalipirana m'nyumba ya malamulo mmenemo, apulezidenti n'kusaina. Choncho aphungu athu ataima kuti agule tomato, ndinakaima kutsogolo kwa galimoto lawo ndi beseni langa.

"Bwana, lamulo lanu lija mukaliwerenge kachinayi, mwina muona pamene munaphonya."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. "Iyayi agogo, ife timapanga a dziko lonse, Nsanje mpaka Chitipa. La msika wanu amapanga makhansala kuboma konkuno, anduna amangovomereza. Kafunseni akhansala anu."

Akhansala athu! Amenewo ndi akamwini anga, anakwatira mwana wanga wachiwiri, malo a nyumba ndinawalozera ndine, kuseri kwa nkhokwe. Ine maso ku Lilongwe, lamulo likusamba madzi a pachitsime changa.

Koma mpongozi ndi mkamwini sitiyang'anizana. Tikakumana panjira, iwo kutchire, ine kutchire. Mwana wanga naye anakana kukawauza, akuti za kuofesi salowerera.

Ndinatulutsa mtondo, chigayo chili pafupi pomwepa. Ndinauimika pafupi ndi bafa la akamwiniwo m'mawa, n'kuyamba kusinja ndikuimba:

Wina anakweza dzanja kuboma ee,
dzanja lomwelo lotolera zitumbuwa zanga ee,
likadye m'shedi, likadye m'shedi.

Masiku anayi ndikuimba, iwo kusamba mofulumira. Lachisanu ndinamva kutsokomola kuseri kwa mpanda. "Uwauze amayi kuti nkhaniyi ndikaitula pamsonkhano," anatero, akuuza mkazi wawo amene anali kumunda kuyambira mbandakucha.

Inatenga miyezi. Anakambirana, anakwezanso manja, pepala linapita kwa anduna n'kubwera. Lamulo latsopano likuti tigulitse pamene mabasi amaima, koma mapazi khumi kuchokera pa tala.

Anzanga anati ndikayeze ndine, poti nyimbo inali yanga. Ndinayeza ndithu, onse akuwerenga mokweza, ndi timapazi tanga tatifupiti.