Chipinda Chomaliza cha Pabwinja

Dzulo mvula inanyowetsa katoni ya sopo pakhonde panga, ndipo fungo lake linandikumbutsa Rashidi, mwana wa mwini golosale ku Masambanjati.

Rashidi anali ndi dayisi ya ludo ndi katoni pomwe tinkajambula bwinja la nyumba za antchito, limene linali kumapeto kwa munda wa tiyi. Zitsekerero za mabotolo zinali asilikali athu ofunafuna chuma m'menemo. Lamulo linali loti munthu azijambula chipinda chokhacho chimene analowamo ndi mapazi ake.

"Iwe wosayankhula, khala mlonda wa pageti," ankandiuza. "Dayisi udzaigwira ukadzalowa chipinda chomaliza."

Palibe amene anali atafikako. Loweruka lina ndinapita ndekha, chitedze chikundiyabwa m'miyendo. Munkanunkha zitosi za mileme. Pafelemu ya chitseko ndinapeza mizere yokandidwa, yosanjikizana mpaka kufika pachipumi panga. Zikhadabo za chilombo!

Ndinathamanga kukauza agogo, amene ankandilera. Anasiya kutsuka mbale.

"Chilombo chanji? Ndi msomali umenewo. Tinkakhala m'menemo pamene ndinkathyola tiyi. Ndinkayeza msinkhu wa malemu amayi ako."

M'mawa mwake ndinajambula chipindacho, chilombo chili pakhomo. Rashidi anandipatsa dayisi.

"Chimafa ndi nambala yanji?" anafunsa.

"Seveni."

"Dayisi ilibe seveni, iwe!"

"Analowamo ndani?" ndinamufunsa.

Rashidi anabweza asilikali ake m'mbuyo.

Nthawi imeneyo ndinkati ndikumubwezera chipongwe. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona kuti ndinali ndidakali mlonda, wolondera chipinda cha amayi anga.