Tsache la Amayi pa Bwalo la Ndege

Mwana wanga wamkazi akandigulira tikiti ya ndege amayamba ndi kundipepesa. "Amayi, pakatipo mudikira nthawi yaitali musanakwere yachiwiri. Mutenge buku." Ine ndimangoseka. Buku la chiyani? Ndimakhala pampando n'kumayang'ana anthu osesa. Pabwalo lililonse la ndege pamakhala munthu wokankha chitsache pansi poti mbee, popanda ngakhale kachitsotso, ndipo ine ndimamutsata ndi maso mpaka akhote. Kudikira ndege ndinakuphunzira ku Chifunde nthawi ya nkhondo, mwana yemweyu ali m'mimba.

Inali mimba yanga yoyamba. Tinkakhala cha ku Cassacatiza, m'mudzi wozingidwa ndi waya umene Apwitikizi anatiunjikamo kuti tisamadyetse anyamata a m'tchire amene ankamenyana nawo. Mimba itakula, namwino wa asilikali anandigwiragwira napukusa mutu. Mwana anali atapingasa. Anati ndikachirira pamudzi tipita tonse awiri, kofunika n'kuchipatala cha ku Tete kumene amatulutsa mwana ndi mpeni. Msewu unali wosayendeka chifukwa cha mabomba okwirira pansi, amene tinkawatcha mina. Choncho anatikweza, ine ndi amayi anga, m'kandege kobweretsa mankhwala.

Sitinapite patali. Ndisanasiye n'komwe kugwiritsa mkono wa amayi, kandege kanatera pa Chifunde. Panali asilikali ovulala, ndipo malo athu anatenga iwo. Msilikali wina wakuda, wa ku Angonia, amene ankalankhula ngati ife, anatilozera mtengo.

"Khalani pamthunzipo, amayi. Ibweranso."

"Liti?" anafunsa amayi.

"Ndege ilibe liti."

Bwalolo linali mzere chabe wa dothi lofiira, wautali kuposa munda uliwonse umene ndinauonapo. Kumapeto kwake kunali mlongoti, ndipo pamwamba pake pankalendewera thumba la nsalu lobooka mbali zonse, longa mwendo wa buluku. Ndinatha tsiku lathunthu ndikuliyang'ana likufufuma ndi kuphwa. Nditafunsa msilikali wa ku Angonia uja, anati limauza woyendetsa ndege kumene mphepo ikuchokera. Zinandidabwitsa kwambiri kuti munthu wodziwa kuuluka n'kusadziwa za mphepo, chinthu choti mkazi aliyense wopeta amachidziwa.

M'mawa uliwonse asilikali ankandanda n'kuyenda pabwalopo pang'onopang'ono, mitu pansi, akubayabaya dothi ndi timikondo tachitsulo. Ine ndinkati akusaka chiswe, poti chulu chimatha kumera usiku umodzi. Izi zokha sindinafunse, ndipo ndikanafunsa bwenzi nkhani ino palibe.

Masiku anayamba kufanana. Tinkagona pakhonde la kanyumba kosungiramo migolo ya mafuta, masana n'kubwerera pamtengo. Khutu la wodikira ndi labodza: chingolopiyo chikalira patali, ndege, njuchi zikadutsa, ndege. Panali mkulu wina wa chotupa pakhosi amene tinamupeza akudikira kale. Anakumba maenje a nsolo patsinde pa mtengo, ndipo ndinkasewera naye mpaka zala kuyera. Ankaba miyala mkulu ameneyo, ndipo ndikamugwira ankati m'mero mwamukereketa. Koma masewera akatha ndinkagwira mimba yanga, mutu wa mwana mbali ino, timiyendo mbali inayo.

Amayi anga sanali munthu wokhala pansi. Kwathu ankasesa pakhomo nkhuku zisanatsike, ndipo mwana ukataya khoko la mtedza unkalitola ndi misozi. Pa Chifunde manja ankawayabwa. Anachapa nsalu zathu zoyerayera kale. Anandiluka tsitsi, n'kulimasula, n'kulilukanso, mpaka mutu unanditentha. Tsiku lina dzuwa litapendeka anaima n'kuyang'ana bwalo lija, manja m'chiuno.

"Anthu awa manyazi alibe. Mlendo wochokera kumwamba azifikira pa ndowe za mbuzi?"

Anathyola timitengo m'mbali mwa bwalo, namanga tsache ndi luzi. Asilikali anali kuseri kwa nyumba zawo, akumenya mpira. Amayi anasesa chigawo chonse cha kumene ndege imayambira kugunda pansi. Anasesa mwa luso lawo lija, mizere ya tsache ikukumana bwinobwino, osasiya ngakhale phazi la nkhanga. Ine ndinkangowaseka ndi kuwalozera pamene aphonya. Tsiku limenelo anagona tulo tabwino koyamba chifikireni.

Kutacha ndinadzuka msana ukundimanga mwa mtundu wina. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti adziwa zoti nthawi yanga yafika. Nthawi yomweyo asilikali anandanda monga mwa masiku onse. Atafika posesa paja anaima nji. Kenako phokoso. Mkulu wawo, mzungu wachinyamata, anafiira nkhope n'kuyamba kukuwa, ndipo msilikali wa ku Angonia anathamangira kwa ife.

"Wasesa apo ndani?"

"Ndine," anatero amayi, akukonza mpango, kudikira zikomo.

Mnyamatayo anagwira mutu. "Mayo ine, amayi inu! Amene amasesa ndi wokwirira mina, kuti afafanize mapazi ake. Ife m'mawa timawerenga mapazi. Tsono mwatitseka m'maso. Apa tibaya pang'onopang'ono mpaka dzuwa kulowa, kapena mawa. Ndege ili m'njira, koma aibweza."

Asanamalize tinaimva, ndipo ulendo uno sizinali njuchi. Inatulukira pamwamba pa mapiri, inatsika pang'ono, n'kuyamba kuzungulira.

Amayi anamanga nsalu m'chiuno, nadutsa pakati pa asilikali aja ngati akupita kuchitsime, nalowa posesa paja. Ankaponda mwamphamvu, phazi lonse, monga muja apondera dothi la njerwa. Anayenda mpaka kumapeto, natembenuka, nabwerera mzere wina. Asilikali anadzigwetsa chafufumimba. Wina anawaloza ndi mfuti, mzungu uja akukuwa mawu oti ngakhale msilikali wa ku Angonia uja sanawamasulire. Ine ndinakwiya nawo, kunena zoona, chifukwa ndinkaona kuti awomberedwa ine ndikuona, chifukwa cha tsache. Iwo anangopitiriza, mzere ndi mzere, mpaka mizere yokongola ija inasanduka mapazi okhaokha. Pomaliza anaima pakati, natambasula manja, nayang'ana mzunguyo.

Mzunguyo analankhula pawailesi. Kandege kanatera.

Malo anali amodzi okha. Mkulu wa chotupa anandikankha pamsana kuti ndifulumire, ndipo sindinapeze mpata wotsanzika. Pawindo ndinaona amayi ataima m'fumbi la ndege, akutchinga maso ndi dzanja, tsache lili m'khwapa. Ku Tete ananditengera kumpeni tsiku lomwelo, ndipo mwana analira.

Nkhaniyi ndinkakonda kuifotokoza moseketsa. Nkhondo itatha, tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde, ndinkaisimbira alendo, mwana wanga akusewera pamiyendo ya agogo ake. Ndinati, "Asilikali onse ali pansi ndi mantha, koma amayiwa osatekeseka, poti ankadziwa kuti palibe kanthu. Anasesa ndi iwo omwe."

Amayi sanadzutse mutu. Anaswa mtedza wina, napatsa mdzukulu wawo.

"Ine ndinasesa madzulo, mwanawe. Usiku ndinagona ngati wina aliyense. Amene anadutsapo usikuwo ndikanamudziwa bwanji?"