Jakisoni Wachiwiri wa Bambo Dale

Ntchito ya ku Oakville anandipezera ndi Mayi Nachisale, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi ku Scarborough, kuno ku Canada. Ndinali nditamaliza kosi yosamalira okalamba, koma kwa miyezi itatu ntchito yanga inali kungosita malaya anga n'kuwapachikanso. Lamlungu lina titaweruka anandikokera pakona pamene timakoleka majekete.

"Achimwene, ndakurekomendani ku agency kwathu. Kuli client wamwamuna, akufuna mwamuna mnzake. Koma mukasamale, ndi anthu a ndalama zawo. Akakusumirani amenewo mudzatsala ndi masokosi okha."

Iwo anaseka, inenso ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali akanthawi, ndipo munthu wa mapepala akanthawi amaopa ngakhale envulopu yobwera ndi positi.

Wodwala wanga anali Bambo Dale, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri. Dzina la banja lawo sinditchula, ndinasainira. Kwawo kunali kumadzulo kwa America, kudziko la ng'ombe. Akazi awo atamwalira, mwana wawo Mayi Carol, amene anakwatiwa ku Canada kuno, anawatenga kuti azikhala nawo. Anali ndi matenda a shuga, miyendo inali itafooka, ndipo mutu wawo unkasunga zakale zokha. Zimene zinachitika ali mwana ankazifotokoza mpaka mtundu wa hatchi, koma ukawafunsa ngati amwa tiyi, ankayang'ana kapu ili m'manja mwawo n'kunena kuti sakudziwa.

M'khonde lopita kuchipinda chawo munali zithunzi kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo tikamadutsa ndi choyendera chawo ankaima pa chilichonse. Choyamba chinali cha agogo awo ali pa hatchi, amene anafika kuderalo ndi ng'ombe zochepa n'kufa ali ndi malo oti sungawazungulire pa tsiku limodzi. Chitsulo chawo chodindira ng'ombe chinali pakhoma pomwepo, chakuda bii. Kenako bambo awo ataima pakhomo la banki imene anaiyambitsa okha. Kenako Bambo Dale eni akewo, akugwirana chanza ndi anthu a mataye, pa zaka zimene anali seneta m'nyumba ya malamulo ya chigawo chawo. Ine wa ku Ngabu ndinayesa kudzitama kuti bambo anga anali ndi ng'ombe khumi ndi imodzi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Khumi ndi imodzi? Agogo anga ankataya zimenezo Lachiwiri lililonse osadziwa n'komwe."

Mawa lake anandifunsanso ngati kwathu kuli ng'ombe, n'kusekanso chimodzimodzi. Ndinkawakonda mkuluyo, sindinama. Koma nkhani zina zimene ankazinena ndikuwameta ndevu zinali zoopsa. Wantchito wina wa agogo awo anaiwala kutseka geti, ng'ombe n'kukalowa pa njanji. Sanangomuchotsa ayi, anaonetsetsa kuti asadzapezenso ntchito m'chigawo chonsecho. Ankaifotokoza monyadira, ine nditagwira lezala pakhosi pawo, ndikudziwerengera m'gulu la oiwala mageti.

Za insulini anandiphunzitsa ndi Sista Joan, namwino wamkulu wa kampani yathu, ndipo anasaina pepala londiloleza kubaya wodwala mmodzi yekhayo. Umasamba m'manja. Umabaya chala ndi kasingano, dontho la magazi n'kuliika pa kapepala kolowetsa m'makina oyezera shuga. Ukawerenga nambala, umatenga jakisoni wooneka ngati cholembera, kuikapo singano yatsopano, kupotoza kumapeto mpaka mlingo umene dokotala analemba, n'kubaya pamimba. Singano umaitaya m'kabokosi kachikasu. Ndiye nthawi yomweyo, usanachite china chilichonse, umalemba m'buku nthawi ndi mlingo. Sista Joan anagogoda bukulo ndi chala.

"Chimene sichinalembedwe sichinachitike. Wamva?"

Ndinamva, ndipo kwa miyezi isanu sindinaphonye.

Tsiku lovutalo linali Loweruka la mwezi wa Epulo. Achibale anabwera kuchokera ku America, ndipo pakati pawo panali mdzukulu amene ankafuna mpando wa ku nyumba ya malamulo womwe agogo ake anakhalapo kale. Anabwera ndi mayi wolemba mabuku komanso munthu wa kamera, kuti ajambule Bambo Dale akufotokoza mbiri ya banja nthawi isanathe. M'nyumba munali piringupiringu, zingwe za magetsi pansi paliponse.

Ndinayeza shuga ndi kubaya insulini nthawi itangopitirira eyiti koloko. Ndisanagwire bolopeni, wa kamera anasuzumira kuti ndimuthandize kusuntha mpando waukulu. Kwathu mlendo akapempha sumamuuza kuti adikire. Ndinasiya buku lili chotsegula n'kupita.

Ndili pamasitepe, mpando uli pamutu, Mayi Carol anadutsa mothamanga, foni ili kukhutu. Anandifunsa m'Chingerezi kuti, "You haven't done his insulin?" M'chinenero chathu funso limenelo ndi lakuti, simunawabaye? Ndipo munthu amene wabaya amayankha kuti ayi, ndawabaya. Ayi ameneyo amakana funsolo. Ine mutu unali ku Chichewa, pakamwa pali Chingerezi, ndipo ndinangoti, "No," mpweya wotsalawo ndikuusungira mpando. Kwa iwo "No" ameneyo ankatanthauza kuti sindinabaye. Anagwedeza mutu n'kupitirira, ine n'kumaganiza kuti tamvana.

Nditabwerera kuchipinda hafu pasiti eyiti kuti ndilembe, ndinapeza mzere wa tsikulo uli wodzaza kale. Zolemba zinali za Mayi Carol: nthawi, mlingo wathunthu, ndi siginecha yawo. Ndinatsegula kabokosi kachikasu, pamwamba panali masingano awiri atsopano. Bambo awo sakanawauza kuti abayidwa kale, poti anali ataiwala.

Ndinkadziwa bwino lomwe zimene insulini yowirikiza imachita: imatsitsa shuga mpaka munthu kukomoka, ndipo kwa wokalamba ikhoza kumupha. Ndinkadziwanso choyenera kuchita, chifukwa chinali cholembedwa pa chitseko cha furiji: uza abale, imbira namwino, yeza shuga pafupipafupi. Sindinachite chilichonse mwa zimenezo. Ndinalowa m'chipinda chochapira zovala n'kutseka chitseko. Pabalaza panali anthu amene makolo awo ankadya ndi oweruza milandu, mmodzi mwa iwo loya, ndipo ine ndinali mlendo wa mapepala akanthawi amene sanalembe m'buku. Ndinaona apolisi, ndinaona ndege yobwerera kwathu. Ndikuchita manyazi kunena, koma mkuluyo ndinamuganizira pomaliza.

Kenako ndinapeza nzeru za wamantha. Ndinati ndikawadyetsa zotsekemera mwakachetechete, shuga sitsika kwambiri ndipo palibe adzadziwe. Ndinathira juwisi wa malalanje, kupaka jamu wambiri pa buledi, n'kupita nazo pabalaza. Kamera inali itayamba kale. Bambo Dale anali atavala chipewa chawo chachikulu, akuwala nkhope, ndipo chakudya cham'mawa anali atangochilawa. Anakankha mbale yanga osandiyang'ana.

"Osati pano, mnyamata. Ndili pa ntchito."

Mayi wolemba uja anandikodola kuti ndichoke kutsogolo kwa kamera. Ndinakaima kukhoma, kapu ili m'manja, maso pa wotchi. Mphindi khumi. Makumi awiri. Ndinkapemphera pemphero lopusa, lakuti Mulungu akonze zinthu popanda ine kutsegula pakamwa.

Bambo Dale anali akufotokoza za chaka cha chilala, mmene agogo awo anakusira ng'ombe zonse ulendo wa masabata atatu kukafuna msipu, mpaka anafika pa mtsinje wodzaza. Nkhani imeneyi ngakhale Mayi Carol anali asanaimvepo, ndipo onse anatchera khutu. Apo ndi pomwe ndinaona thukuta likutsika pansi pa chipewa. Dzanja lawo linayamba kunjenjemera pa bondo. Anabwereza mawu akuti mtsinje katatu, lilime likulemera. Mdzukulu uja ananong'oneza kuti agogo agwidwa ndi chisoni, kamera isazime.

Ndinamva mawu anga akutuluka okha, okwera kuposa mmene ndinayankhulirapo m'nyumba imeneyo.

"Zimitsani! Abayidwa kawiri. Imbani 911, ambulansi ibwere."

Ndinagwada, kubaya chala, ndipo makina anaonetsa nambala yotsika kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Ndinayesa juwisi, koma anali atasiya kumeza, ndipo munthu wosameza sumuthira kanthu m'kamwa. Ndinawagoneka chammbali, kumasula kolala, n'kumawaitana dzina. Mayi Carol ankangoti, "Koma unati sunabaye, unati sunabaye." Ndinalibe Chingerezi chofotokozera. A ambulansi anafika, n'kuwapatsa shuga kudzera mumtsempha, ndipo anawanyamula maso ali otseka.

Masana ake Sista Joan anandikhazika mu ofesi n'kundipatsa fomu ya ngozi. Za "No" uja anazimvetsa msanga, anati si ine woyamba. Za buku anangopukusa mutu. Koma pa fomupo panali mzere wofunsa nthawi imene ndinadziwa kuti chalakwika. Palibe anandiona ndikutsegula kabokosi kaja. Ndikanalemba kuti teni pasiti naini, pamene ndinakuwa, ndikanatuluka ngati ngwazi, poti abale ena anali atayamba kale kunena kuti maso anga ndi amene anapulumutsa agogo. Ndinalemba hafu pasiti eyiti. Sista Joan anawerenga, n'kuchotsa magalasi.

"Mphindi makumi anayi. Unkatani?"

"Ndinkaopa."

"Kubaya kawiri kunali ngozi. Izi zinazi unachita kusankha."

Ananena zoona. Anandichotsa panyumbapo tsiku lomwelo, anandilanda chilolezo chobaya, ndipo ndinabwerera m'kalasi. Kalata ya loya ndinaidikira miyezi, koma sinabwere. Anthu amene ndinkawaopa aja analibe nane nthawi, anali kuchipatala ndi bambo awo.

Bambo Dale sanamwalire tsiku limenelo, koma kunyumba sanabwerereko. Anawapititsa kosungira okalamba, ndipo Mayi Nachisale, amene ankagwirako mashifiti ena, anandiuza kuti nkhani zakale zija zinatha, ankangokhala duu. Madokotala sananene kuti ndi chifukwa cha mphindi zanga zija. Sananenenso kuti si chifukwa chake. Nkhani ya pa mtsinje palibe anaimva mathero ake.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, pano ku Hamilton, ndipo anzathu atsopano ochokera kumudzi amandipatsa ine kuti ndiwazoloweretse. Ndimawauza kuti pa nkhani ya mankhwala asamayankhe ndi liwu limodzi: nenani kuti ndapereka, nthawi yakuti, mlingo wakuti, ngakhale akusekeni kuti mumayankhula ngati wailesi. Zimenezo amazigwira msanga. Chinacho ndi chimene chimandivuta kuphunzitsa, chifukwa ndimayenera kuwauza mmene ndinachidziwira. Ukalakwitsa pa thupi la munthu, mantha ako angadikire, koma thupi lakelo silidikira. Ine ndinataya mphindi makumi anayi, zambiri nditaima kukhoma ndi kapu ya juwisi, ndikuyang'ana munthu amene ndinkamukonda akuzima, n'kumadzimvera chisoni ndekha.